Ana akuloweza nsinjiro za mu Romeo and Juliet koma sakumva ntchito yake, ndithandizeni

Aphunzitsi anzanga ndi nonse okonda zisudzo, ndigaireni nzeru. Ndikuwerenga Romeo and Juliet ya William Shakespeare ndi ana a Fomu 3 m'kalabu ya Chingerezi. Ndikafunsa kuti pamene Romeo akuti Juliet ndi dzuwa mu Act 2 Scene 2 pali nsinjiro yanji, manja onse m'mwamba: "Metaphor, madamu!" Ndikafunsa chifukwa chomwe wasankhira dzuwa pomwe kunja kuli usiku, kalasi yonse zii.

Chikundiwawa kwambiri ndi mawu otsutsana aja, ma oxymoron. Mu Act 1 Scene 1, Romeo asanamuone n'komwe Juliet, akulirira Rosaline, mtsikana amene wakana chikondi chake, n'kumaunjika mawu: nthenga ya mtovu, utsi wowala, moto wozizira, thanzi lodwala. Ine ndimamvapo mnyamata wokonda kukoma kwa mawu ake kuposa mtsikanayo. Koma mu Act 3 Scene 2, Juliet atamva kuti Romeo, mwamuna amene wangokwatirana naye tsiku lomwelo, wapha Tybalt, msuweni wa Julietyo, nayenso amalankhula motsutsana: wankhanza wokongola, chiwanda chaungelo, khwangwala wa nthenga za nkhunda. Apa mtima wang'ambikadi pawiri, ndipo ndi mwana wosakwana zaka 14. Ana anga m'makope mwawo alemba tanthauzo limodzimodzi pa malo awiri onsewa. Mabuku ndi ochepa, amachita kubwerekana. Ndiyambire pati kuti azimva kusiyanaku?

Mphunzitsi wopuma pantchito: Madamu, mayina a nsinjiro muwabise kaye. Tengani Act 1 Scene 5, pamene awiriwa akumana koyamba paphwando la a Capulet, banja la Juliet. Mawu awo oyamba ndi ndakatulo imodzi ya mizere 14, sonnet, yomwe akugawana. Romeo ayamba mizere 4, akuti milomo yake ndi amwendamnjira opita kumalo opatulika. Juliet sathawa fanizolo, alitenga nalibweza mwanzeru m'mizere 4 yake, kenaka alandizana mpaka kupsompsonana. Imikani mnyamata ndi mtsikana awerenge mokweza, enawo amvetsere mmene mawu akumapeto akugwirizanira. Mukatero abwezereni ku madandaulo a Romeo okhudza Rosaline aja, pomwe Romeo akungodziyankhulira msuweni wake Benvolio atamuimira pambali. Kusiyanako adzakutchula okha.

Wa gulu la zisudzo ku Zomba: Ine ndikuti asewere basi. Act 5 Scene 3, m'manda muja, Romeo akuona kuti milomo ndi masaya a Juliet zidakali zofiira, n'kumati imfa yalephera kumugonjetsa. Ife oonera tikudziwa kuti ali moyo: mankhwala amene wansembe Friar Laurence anamupatsa ndi ogoneka munthu maola 42, ndipo kalata yomudziwitsa Romeo zimenezi ku Mantua, komwe anathawira, sinafike chifukwa woinyamula, Friar John, anatsekeredwa m'nyumba poopa mliri. Mugoneke mtsikana pabenchi, mnyamata agwire kabotolo ka poizoni. Mudzamva wina kumbuyo akukuwa kuti "usamwe!" Pamenepo ndiye muwauze kuti chawapwetekacho chimatchedwa dramatic irony.

Mphunzitsi wa Literature: Za dzuwa zija ndiwonjezereko. Mwezi m'nthano za Aroma ndi wa Diana, mulungu wamkazi wa unamwali, ndipo Romeo anali atafanizira kale Rosaline ndi Diana chifukwa analumbira kuti sadzakwatiwa. Ndiye akamati dzuwa lituluke liphe mwezi wansanje, akutaya chikondi chakale. M'chigawo chomwecho Juliet akumuletsa kulumbira pa mwezi poti umasinthasintha. Tsono muwatengere ku Act 3 Scene 5: dzuwa lenileni likutuluka, ndipo lasanduka mdani, chifukwa kukacha Romeo ayenera kuthawa mu Verona kapena aphedwe. Mpaka akukangana ngati mbalame yalirayo ndi yausiku kapena yam'mamawa. Apatseni ntchito yotsata kuwala ndi mdima m'sewero lonse, gulu lililonse Act yake, poti mabuku ndi ochepa.

Mwini funso: Zikomo kwambiri akuluakulu, ya m'manda ija tiyesa Lachisanu. Chatsala ndi Mercutio, mnzake wa Romeo. Mawu ake a matanthauzo awiri, monga aja akumwalira atabayidwa ndi Tybalt, ndimawafotokoza bwinobwino. Koma ambiri mwa nthabwala zake, ngakhalenso za mlezi wa Juliet, ndi zolaula ndithu, ndipo ana ena ochenjera ayamba kufunsa. Inu mumawamasulira zonse, kapena mumasankha? Makolo a kuno sachedwa kufika kuofesi kwa ahedi.