Kodi khalidwe labwino tingalikhazikitse bwanji tsiku lonse la sukulu?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa ana a zaka 9 mpaka 11, ndipo ndaona kuti zimene timawauza m'kalasi zokhudza ulemu, kukhulupirika ndi kuleza mtima amaziyankha bwino pa mayeso, koma belu la nthawi yopuma likangolira, zonsezo zimatsalira pa desiki. Mwana amene wangolemba kumene kuti kukankhana n'koipa ndi yemwe amayamba kulowerera pa mzere, ndipo wotola cholembera cha mnzake amachiponya m'thumba mwakachetechete.

Sindikhulupirira kuti chilango chokha chingathandize, chifukwa mwana woopa chilango amangophunzira kuyang'ana kaye ngati mphunzitsi ali pafupi. Kodi inu mumatani kuti khalidwe lizioneka pa msonkhano wa m'mawa, posesa, pamasewera ndi poweruka, osati m'phunziro limodzi lokha? Nanga kupatsa ana maudindo, monga kusunga mabuku kapena kuyanjanitsa okangana, kumawasinthadi, kapena kumangowachititsa matama? Ndikufunanso kudziwa mmene mumamvanirana ndi aphunzitsi ena, popeza wina akalekerera zimene mnzake waletsa, ana amazindikira msanga.