Achibale akukana morphine pamene wodwala akubuula: wophunzira unesi achite bwanji?

NesiWamawa: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. M'mawadi a odwala khansa kuno ku Lusaka izi sizisowa: mayi wachikulire, matenda afika poti sangachirenso, ululu ndi wosaneneka, koma ana ake akuti morphine, mankhwala amphamvu othetsa ululu, asapatsidwe chifukwa "ndiye amamaliza anthu". Akutinso mayiyo asauzidwe mmene zinthu zilili. Ophunzira ndife timakhalitsa pa bedi, ndiye mafunso onse amagwera ife. Timvere ndani?

SisitaWaKuChelstone: Mng'ono wanga, ngati mayiyo akuzindikira ndipo akutha kuyankha, mwini thupi ndi iyeyo. Mufunseni yekha za ululu, ayese kuyambira 0 mpaka 10, mulembe nambalayo ndi nthawi yake, kenako mudziwitse sisita woyang'anira wadi ndi dokotala. Wophunzira sapereka morphine payekha. Mankhwalawa amachokera m'kabati yokiya, ndipo m'buku lake mumasayina anthu awiri.

Anawo akuopa chifukwa anaonapo wina akupatsidwa morphine n'kumwalira mawa lake. Nthawi zambiri kumakhala kuti mankhwalawo anayambidwa mochedwa, munthu atatsala madzi amodzi. Akaperekedwa moyenera safupikitsa moyo. Wakumwa timayamba ndi 2.5 mg kwa okalamba ndi ofooka, kapena 5 mg, maola 4 alionse usana ndi usiku, osadikira kuti wodwala ayambe walira. Ululu ukabuka pakati, amalandira mlingo wina wofanana ndi wa maola 4 uja, ndipo pakatha maola 24 dokotala amawerenga zonse n'kukweza ngati pakufunika. Mankhwala ofewetsa chimbudzi monga bisacodyl kapena senna ayambe tsiku lomwelo, apo ayi kudzimbidwa kudzamuvuta kuposa chotupacho.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kupuma. Kukatsika pansi pa 8 pa mphindi, munthu osadzuka mukamugwedeza, timaso takuda tachepa kwambiri, imitsani mlingo wotsatira muitane dokotala, naloxone, mankhwala obweza mphamvu ya morphine, akhale pafupi. Izi zimachitika makamaka kwa amene impso zafooka, chifukwa zotsalira za mankhwala zimaunjikana m'magazi. Kunjenjemera kwa minofu mwadzidzidzi nakonso ndi chenjezo.

Mphunzitsi_Kabwata: Pa nkhani yobisa ndiwonjezepo. Si ntchito ya wophunzira kuulula kuti matenda sachira, koma kunama nakonso n'koletsedwa. Mawu oti "mudzachira amayi, limbani mtima" amaoneka achifundo, koma amamulanda mpata woitanitsa mwana ali kutali, wokonza za nyumba ndi munda, kapena woyanjana ndi m'bale amene anayambana naye.

Akafunsa kuti "kodi ndikufa?", khalani pansi, musayankhe chiimire. Mubwezereni funso: "Inu mukuona bwanji m'thupi mwanu, amayi? Adokotala anakuuzani zotani?" Ambiri amadziwa kale. Kenako mufunseni ngati akufuna kumva zonse, nanga akufuna ndani akhalepo. Wina amati uzani mwana wanga wamkulu, ine sindifuna kumva, ndipo umenewonso ndi ufulu wake. Zimene wanena zilembedwe m'fayilo monga anazinenera.

Pamsonkhano wa banja fufuzani amene mawu ake amamveka. Kawirikawiri si amene wagonera pa bedi ayi, ndi amalume kapena mwini mbumba amene ali ku Chipata kapena ku Katete. Akapanda kumva kuchokera kwa dokotala, ngakhale pa foni, zonse zimene mwagwirizana zidzasintha iye akangofika.

NesiWamawa: Zikomo kwambiri. Nanga akamakakamiza phala ndi diripu?

SisitaWaKuChelstone: Apa m'povuta, chifukwa kwathu kuno kusadyetsa wodwala kumaoneka ngati kumutaya. Koma munthu amene sakutha kumeza akatsamwa, phalalo limalowa m'mapapo n'kubweretsa chibayo. Diripu yambiri m'masiku otsiriza imatupitsa miyendo ndi kudzaza madzi pachifuwa. Apatseni achibale ntchito ina ya manja: kunyowetsa mkamwa ndi kansalu koyera pafupipafupi, kupaka Vaseline pamilomo ngati sali pa oxygen, kumutembenuza maola 2 mpaka 4 alionse. Kukhosi kukayamba kulira, mugoneke cham'mbali mutu utakwera pang'ono. Dokotala angalembe hyoscine butylbromide 20 mg wobaya pansi pa khungu kuti achepetse makhololo, koma paipi yokokera makhololo musailowetse mozama, imangomusautsa.

Wina akapempha jekeseni woti wodwala "angopuma", kutanthauza kuti amwalire, yankho ndi ayi, malamulo a Zambia salola, ndipo pempholo mukalinene kwa sisita nthawi yomweyo chifukwa limasonyeza kuti ululu sunathe kapena osamalira atopa. Ngati banja likufuna kumutengera kunyumba, funsani dokotala za kalata yopita ku Our Lady's Hospice, malo osamalira odwala matenda osachiritsika, ku Kalingalinga kapena kwa a palliative care (chisamaliro chochepetsa ululu) a ku Cancer Diseases Hospital, ndipo asatuluke opanda morphine wokwanira mpaka tsiku lodzaonedwanso.