Masewero akale a pa wailesi ku America onena za kupha ndi chinyengo: ndiyambire pati?

Wachidwi wa ku Zomba:

Moni nonse. Ndamva kuti ku America, wailesi ya kanema isanalowe m'nyumba zambiri, mabanja ankakhala madzulo n'kumamvera masewero a anthu ofufuza milandu, ambiri mwa iwo onena za munthu amene waphedwa ndi mabodza amene achibale kapena anzake akunena pofuna kubisa chimene chinachitika. Masewerowa akupezeka pa intaneti, koma ndi ochuluka kwambiri moti munthu amasowa poyambira. Ndi mapulogalamu ati amene mungandilangize kuti ndiyambe nawo? Chinanso chimene chikundizunguza mutu ndi ichi: nkhani yofufuza wakupha inkayenda bwanji pa wailesi, pamene womvera saona nkhope ya woganiziridwa, saona magazi pansi, ngakhale kalata yobisidwa m'thumba la jekete?

Mphunzitsi Wopuma:

A Wachidwi, ndiyamba ndi funso lachiwirilo chifukwa yankho lake likuthandizani kusankha. Pa wailesi womvera amadziwa zokhazo zimene zalowa m'khutu mwake, choncho munthu wabodza m'sewero amanamiza wofufuza ndi womvera nthawi imodzi, ndi liwu lomwelo. Olemba aluso anaona kuti kusaonako ndi chida, ndipo anamanga nkhani zawo pa icho.

Sewero limene limaonetsa bwino zimenezi ndi "Sorry, Wrong Number", lolembedwa ndi Lucille Fletcher, limene linaulutsidwa koyamba mu 1943 pa pulogalamu ya Suspense ya kampani ya wailesi ya CBS. Agnes Moorehead anasewera ngati Mayi Stevenson, mayi wodwala amene sadzuka pabedi ndipo ali yekha m'nyumba ku New York. Pamene akuyesa kuimbira mwamuna wake ku ofesi, mawaya a lamya akusokonekera, ndipo akumva amuna awiri akupangana zopha mayi wina usiku womwewo nthawi ya 11:15, sitima ikamadutsa pa mlatho wapafupi kuti phokoso lake limeze kukuwa. Kuyambira pamenepo sewero lonse ndi mayiyu akuimba lamya, kwa wolumikiza mafoni, ku polisi, ku chipatala kumene akupempha namwino, ndipo kulikonse akumuyankha mwaulemu koma osamuthandiza. Mkati mwa zonsezi pakubwera telegalamu yochokera kwa mwamuna wake yoti sabwera kunyumba usiku umenewo. Womvera amakhala atazindikira kale amene akukambidwa mayiyo asanazindikire, ndipo mantha onse amachokera pamenepo. Pepani kuti ndaulula zambiri, koma ngakhale mutadziwa mathero, kupuma kwa Moorehead kokha kudzakuimitsani tsitsi. Wakuphayo sagwidwa, chimene chinali chosowa m'nthawi imene makampani a wailesi ankaumirira kuti chigawenga chizilandira chilango sewero lisanathe.

Suspense inakhalapo kuyambira 1942 mpaka 1962, ndipo inkakonda kutenga akatswiri a mafilimu, ngakhale anthabwala ngati Jack Benny ndi Lucille Ball, n'kuwapatsa mbali zoopsa. Ngati chimene mukufuna kwenikweni ndi chinyengo, yesaninso The Whistler ya CBS, imene inayamba mu 1942 n'kutha mu 1955. M'menemo wakupha mumamudziwa kuyambira pachiyambi, chifukwa nkhani imayenda kumbali yake, ndipo wofotokoza, amene amalowa akuimba likhweru, amalankhula naye mwachipongwe ngati chikumbumtima chake, kumuyamikira kuti wakonza zonse bwino. Pomaliza kanthu kakang'ono kamene anakaiwala kamamugwetsa. Masewero ake ena amathera mokakamiza, sindibisa, koma abwinowo ndi abwino zedi.

Mlonda wa ku Johannesburg:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndikuona ngati ayankha funso lina, chifukwa mu Suspense ndi mu The Whistler nthawi zambiri mulibe wofufuza amene mungamutsate sabata ndi sabata. A Wachidwi afunsa za ofufuza milandu, ndipo amenewo ali ndi njira yawo yothetsera vuto la kusaona: wofufuzayo amasimba yekha nkhani, ndipo amapatsidwa chifukwa chomveka chosimbira.

Mu The Adventures of Sam Spade, imene inayamba mu 1946, Howard Duff, amene ankasewera ngati wofufuza Sam Spade, amalowa mu ofesi mlandu utatha n'kuyamba kumuuza mlembi wake Effie, amene ankaseweredwa ndi Lurene Tuttle, lipoti loti alembe, ndipo lipotilo ndiye sewerolo. Muli nthabwala zambiri. Duff anachoka mu 1950 dzina lake litatuluka m'kabuku ka Red Channels, kamene kankatchula anthu a pa wailesi oganiziridwa kuti amagwirizana ndi Chikomyunizimu, ndipo pulogalamuyo inatha chaka chotsatira ili ndi wosewera wina. Wofufuza Philip Marlowe, amene ankaseweredwa ndi Gerald Mohr pa CBS kuyambira 1948 mpaka 1951, ndi wolimba mtima ndi waukali, woyenera amene amakonda ndewu ndi misewu ya usiku ya ku Los Angeles. Dragnet ya Jack Webb, imene inayamba pa wailesi ya NBC mu 1949, inatenga njira ina: nkhani zake zinkachokera m'mafayilo a polisi ya ku Los Angeles, mayina okha ndiwo ankasinthidwa, ndipo mumamva apolisi akugogoda pa zitseko, kudikira mboni yolongolola imalize zake, mpaka kumapeto kumene amalengeza chigamulo cha khoti.

Koma ine ndingakuuzeni kuti muyambe ndi Yours Truly, Johnny Dollar, makamaka ya 1955 ndi 1956 pamene Bob Bailey ankasewera ndipo nkhani imodzi inkagawidwa m'zigawo zisanu za mphindi 15, Lolemba mpaka Lachisanu. Dollar si wapolisi. Ndi munthu amene makampani a inshuwalansi, ambiri a ku Hartford m'chigawo cha Connecticut, amamuitana akakayikira kuti wina akufuna kuwadyera ndalama. Sewero limayamba ndi kulira kwa lamya, ndipo nkhani yonse imasimbidwa kudzera m'lipoti la ndalama zimene wawononga pa ulendo: tikiti ya ndege, chipinda cha hotelo, chakumwa chimene wagulira munthu kuti amasuke pakamwa, nthawi zina mankhwala a mutu atamenyedwa. Zikumveka ngati zouma, koma kaundula wa ndalamayo amakuyendetsani malo ndi malo popanda kusochera. Komanso inshuwalansi ndi munda wachonde wa chinyengo: mkazi wamasiye amene akufulumira kufunsa za cheke maliro asanathe, sitolo imene yapsa mwini wake ali m'ngongole, munthu amene akuti anamira m'nyanja koma mtembo wake sunapezeke. Popeza panali zigawo zisanu, olemba ankakhala ndi mpata wokulolani kumukonda wabodzayo musanadziwe kuti ndi wabodza, ndipo Bailey ankamveka ngati munthu amene zamupweteka akamaulula choonadi. Mapulogalamu a mphindi 30 analibe mpata umenewo.

Namasewero:

Ndiwonjezere pa nkhani ya kusaona, chifukwa abambo awiriwa sanatchule anthu opanga phokoso. Mu situdiyo munkakhala anthu amene ntchito yawo inali imeneyi basi. Ankakhala ndi chitseko chaching'ono chokhala ndi loko weniweni, bokosi la miyala yoyendapo, nsapato zosiyanasiyana, pepala lopyapyala lonyezimira limene likafinyidwa pafupi ndi maikolofoni limamveka ngati moto, ndipo mpeni ukabayidwa mu vwende kapena mu kabichi womvera ankamva munthu akubayidwa. Umboni wambiri unkabisidwa m'phokoso lotere, monga mapazi a munthu wotsimphina kapena wotchi yolira pamene woganiziridwa akulumbira kuti anali kwina. Aliyense amene anakula akumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC akudziwa kuti khutu likazolowera limajambula lokha nyumba yonse.

Ndikuchenjezeninso zinthu ziwiri. Chingerezi chake ndi chothamanga, chodzaza ndi mawu a m'misewu a zaka za m'ma 1940, choncho Dragnet, imene anthu ake amalankhula mosabisa ndi mwachidule, ndi yosavuta kutsatira kuposa Sam Spade. Chachiwiri, mudzatopa ndi mmene akazi amajambulidwira: akakhala wokongola ndipo wabwera mu ofesi akulira, kawirikawiri ndiye wapha mwamuna wake. Mudzamvanso otsatsa malonda akulowerera pakati pa nkhani, wina akutamanda vinyo wa Roma mu Suspense, wina mafuta a galimoto a Signal mu The Whistler, chifukwa makampani amenewa ndiwo ankalipira zonse.

Wachidwi wa ku Zomba:

Zikomo nonse. Ndiyamba ndi Johnny Dollar, kenako sewero la Mayi Stevenson. Koma kodi zonsezi zinatha liti, ndipo zinasungika bwanji mpaka lero?

Mphunzitsi Wopuma:

Otsatsa malonda atasamukira ku wailesi ya kanema m'zaka za m'ma 1950, mapulogalamuwa anayamba kugwa mmodzimmodzi, ndipo pa 30 September 1962 CBS inaulutsa masewero omaliza a Johnny Dollar ndi Suspense usiku umodzi. Wokonza mapulogalamu a pa wailesi Himan Brown anayesa kuwadzutsa ndi CBS Radio Mystery Theater kuyambira 1974 mpaka 1982. Ambiri mwa akalewo anasungika pa zimbale zazikulu za mainchesi 16 zimene mawailesi ndi otsatsa malonda ankajambula, ndipo ena anapulumuka chifukwa nthambi ya wailesi ya asilikali a America inkawajambulanso, itachotsamo malonda, kuti iwatumize kwa asilikali amene anali kunja. Mudzawapeza mwaulere pa tsamba la pa intaneti la Internet Archive. Mukasankha nkhani ya Johnny Dollar, onetsetsani kuti zigawo zonse zisanu zilipo musanayambe kumvera, chifukwa m'nkhani zingapo chigawo chimodzi chinasowa.