Regulator yolira ija: vuto silinali pomwe tinkaganiza

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake regulator (chipangizo chopumira mpweya wa mu silinda posambira pansi pa madzi) yomwe ndinagula kwa mnzanga imalira "tsiii" ndikangotsegula silinda, ndisanaiike n'komwe m'kamwa. Ambiri munati ndi O-ring, kamphira kozungulira koletsa mpweya kutuluka molumikizira. Nanenso ndinkaganiza choncho, koma ayi ndithu.

Loweruka ndinapita nayo kwa amisiri ku Nkhata Bay. Asanaimasule, anayamba andifotokozera kaye. Mpweya wa mu silinda yodzaza umakhala pafupifupi 200 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya), woti sungaupume. Gawo loyamba, lomwe limamangidwa pa silinda, limautsitsa kufika pa 9 kapena 10 bar kuposa mphamvu ya madzi okuzungulira. Gawo lachiwiri, la m'kamwa lija, lili ndi kachikopa kamphira: ukakoka mpweya kamabonyokera m'kati n'kukankha kachitsulo kotsegula valavu, ukasiya kamabwerera, valavu n'kutseka.

Kenako analumikiza geji yoyezera mphamvu ya mpweya pa paipi yochokera ku gawo loyamba. Singano inafika pa 10, koma m'malo moima inkangokwawa, 11, 12, 13, mpaka kulira kuja kunayamba. Kampando ka valavu (pomwe valavu imakhala ikatseka) m'gawo loyamba kanali katadyeka. Atakatulutsa ndinaona kamzere ngati wakanda ndi chikhadabo, basi, kameneko.

Ndiye gawo la m'kamwa lomwe ndinkalinamizira lija linkangotaya mpweya woonjezerawo kuti paipi isaphulike. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinatsala pang'ono kulitaya.

Anasintha kampandoko ndi ma O-ring onse. Lamulungu ndinatsika nayo mamita 12 pakati pa nsomba za mbuna, ili zii.