Thandizeni: waited for, arrived in, discussed about... ma preposition amenewa amayenda bwanji pa past tense?

Mwana_wa_ku_Chinamwali:
Moni nonse muno. Ngati muli aphunzitsi a Chingerezi chonde bwerani pafupi, dzulo ndachita manyazi osaneneka. Ndinalemba lipoti la ulendo wathu wa kuntchito, abwana andibwezera pepala lili psuu ndi bolopeni yofiira ngati la mwana wa Fomu 1. Pomwe ndinalemba "we discussed about the budget" adula about. Pomwe ndinalemba "we waited the driver" awonjezera for. Pena ndinati "we arrived to Mangochi" aika in m'malo mwa to. Ndiye mutu waima, apa akuchotsa apo akuwonjezera, chenicheni n'chiti? Kodi verb ikakhala past tense ili ndi lamulo lakelake la ma preposition kapena abwanawa angondida? MSCE Chingerezi ndinakhoza bwinobwino ine, musandione choncho.

Madam_Nachisale:
Pepani mwanawe, abwana anu sanakudeni ayi, zonse zitatu akonza molondola. Koma chotsani kaye maganizo akuti vuto ndi past tense, chifukwa tense ilibe nazo ntchito olo pang'ono. Preposition imayenda ndi verb yake ngati mkazi ndi chitenje, lero wait for, dzulo waited for, mawa will wait for. Chimasintha ndi verb yokha, for uja ali pompo sasuntha.

Chimene chimatigwetsa ife ndi Chichewa chathu chomwechi, ndipo ndakhala ndikuwauza ana anga a Fomu 4 chaka ndi chaka. Ife kanthu kamene azungu amakaika padera timakalowetsa m'kati mwa mneni. Anagula, anandigulira. Anaphika, anandiphikira. Anafotokoza, anandifotokozera. Ka -ir- kapena -er- kameneko ndiye kakugwira ntchito ya for ndi to. Ndiye munthu ukamaganiza "anandifotokozera" m'mutu umamva mawu amodzi, dzanja n'kulemba "he explained me", pomwe Chingerezi chimafuna "he explained it to me". Chimodzimodzi "tinamudikira dalaivala", palibe kamawu kapakati, ndiye waited the driver wanu uja anabadwira pamenepo.

Za arrived nazonso ndi ku wathuyu. Ndinapita ku Mangochi, ndinafika ku Mangochi, ndinachokera ku Mangochi, "ku" mmodzi yemweyo akusenza katundu yense. Mzungu pamenepo ali ndi atatu, went to, arrived in, came from. Arrived imatenga in pa tauni kapena dziko, at pa malo amodzi ngati depoti kapena ofesi, arrived in Mangochi, arrived at the depot. Koma mukasankha reached musaikepo kanthu, "we reached Mangochi" basi.

Tsono pali gulu lina la ma verb osafuna womuperekeza, ndipo apa timalakwa chifukwa chofuna kumveka ophunzira. Discussed, entered, requested, attended, emphasised. Timaikapo about ndi into ndi for poganiza kuti chiganizo chikoma. Discussed about imabwera chifukwa cha talked about, komanso pa noun ndi zololedwa, "we had a discussion about the budget" ndi Chingerezi chabwinobwino. Requested chimodzimodzi, "I requested leave" koma "a request for leave". M'makalata opempha tchuthi ndaona requested for wambiri moti ndinatopa n'kudula.

Jonibwoy_wa_ku_Mpondasi:
Madam mwalasa. Ine izi sindinaphunzire m'kalasi, ndinaphunzira ndi manyazi kuno ku Joni kkkk. Chaka choyamba ndikugwira ya m'gadeni, bwana wanga anandifunsa kuti dzulo unali kuti, ine pofuna kunena kuti ndimasaka mng'ono wanga yemwe anasowa ku Park Station ndinati "I looked after my brother the whole day", mzungu n'kufunsa kuti akudwala chani, wapita naye kuchipatala? Ine kudabwa. Kumeneko ndiye ndinadziwa kuti looked for ndi kusaka, looked after ndi kusamala, looked at ndi kuyang'ana chabe, verb imodzi koma kamawu kakumapetoko kakutembenuza nkhani yonse. Ina ndi laughed, "they laughed at me" ndiye kuti anakuseka iweyo, "they laughed with me" munasekera limodzi, ukasokoneza apa ukhoza kudandaula za anthu osalakwa.

Nanga ija ya kubwereka? Kwathu tonse timati "he borrowed me money" ndipo timamvana, koma kuno amakuyang'ana kuti ndani wabwereka ndani. Wolandira ndiye borrowed from, wopereka ndi lent to. "I borrowed R200 from him", "he lent R200 to me". Ngongole ikavuta mawu amenewa amafunika aime bwino achimwene.

Che_Bakili_Ndirande:
Inu musatiopseze apa. Chizungu sichathu, bola munthu wamva. Ine ndagulitsa ma spare zaka zambirimbiri ndi discussed about wanga yemweyo ndipo palibe kasitomala anabweza katundu chifukwa cha preposition.

Madam_Nachisale:
Achimwene a ku Ndirande, pamsika zoona palibe angakugwireni, nanenso ndikamacheza sindiyenda ndi bolopeni yofiira. Koma mwanayu akulemba lipoti lopita kwa abwana, ndipo wina akuwerenga pano mwina akukonzekera mayeso a MANEB kapena IELTS, kumeneko amadula malikisi osayang'ana nkhope. Komanso mwamva nkhani ya mnzathu wa ku Joni, si nthawi zonse munthu amamva zomwe iwe ukutanthauza.

Nyasa_Leeds:
Ndiwonjezereko kumbali ya makutu, chifukwa apa pokha ndi pomwe past tense imakhudzanadi ndi preposition. Azungu akamalankhula, ka -ed kakakumana ndi to kamamezedwa. "I walked to work" imamveka ngati walk to work, chifukwa -ed wa walked amatchulidwa ngati t, ndiye ma t awiri agundana n'kukhala mmodzi. Ndi chifukwa chake anthu ambiri, ngakhale eni chilankhulo omwe, amalemba "I use to live there" ndi "I was suppose to come" pa Facebook, pomwe zolondola ndi used to ndi supposed to. Khutu silimumva d koma polemba ayenera kukhalapo. Kupatula pamene pali did, chifukwa did watenga kale past tense, ndiye "I didn't use to", "did you listen to him", osati did you listened.

China chomwe chinandivuta ine nditangoyamba ntchito yosamalira okalamba kuno ndi polemba ma notes a shifiti. Verb ikabwera pambuyo pa preposition siikhalanso past tense ngakhale nkhaniyo ndi ya dzulo, imatenga -ing. "She thanked me for helping her", osati for helped. "He left without eating". "I apologised for coming late". Past yonse yasenzedwa ndi verb yoyamba ija. Ndipo samalani ndi used to awiri, "I used to wake up early" ndiye kuti kale ndinkadzuka m'mamawa, pomwe "I was used to waking up early" ndiye kuti ndinali nditazolowera.

Komanso nthawi zina mukaona zosiyana si kuti wina walakwa. Aku America amati "she wrote me", kuno ku Britain amati "she wrote to me". Ife sukulu zathu zimatsata cha ku Britain ndiye pa mayeso ikani to.

Mwana_wa_ku_Chinamwali:
Zikomo kwambiri nonse, Madam mwanditsegula m'maso ndi nkhani ya -ir- ija, sindinaganizepo kuti Chichewa ndi chomwe chimandilembetsa. Ndiye kuti palibe chidule, ndizingoloweza verb ndi kamnzake limodzi? Ndafufuzanso lipoti lija ndapeza pena ndinalemba "the officer attended to the meeting" abwana sanaone. Nanga ija timaimva m'maukwati, she got married with a teacher, ili bwino?

Madam_Nachisale:
Eya, lowezani awiriawiri, mukapeza verb yatsopano mu dikishonale onani chitsanzo chake osangoti tanthauzo lokha. Ine ndimawauza ana alembe listened to, depended on, accused of, congratulated on kumapeto kwa kope ngati mawu amodzi. Attended the meeting ndiye kuti anakhala nawo pamsonkhano, attended to ndi kuthandiza munthu kapena kusamalira nkhani, monga nesi attended to the patient, ndiye kachotseni to ameneyo abwana asanamuone. Za ukwatizo ndi "she got married to a teacher" kapena "she married a teacher". With uja tamutenga kwa "anakwatiwa ndi". Mukamva mzungu akuti married with two children akunena kuti ali pabanja ndipo ali ndi ana awiri, ndiye married with a teacher zikumveka ngati mphunzitsiyo ndi wongomusunga pakhomo.