Duwa langa la Ramonda likuwola pakati: ndilisunthe tsopano kapena ndidikire chisanu chithe?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa amene analimapo maluwa a m'mapiri okonda mthunzi. Ndimakhala ku Sheffield, ku England, m'nyumba zogundizana zija, ndipo kabwalo kanga ka kuseri kanayang'ana kumpoto, moti dzuwa limangosuzumirako m'mawa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Zinanditengera nthawi kuti ndizolowere zimenezi, chifukwa kwathu m'nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, pamene kuno kumpoto ndiye kumthunzi.

Mu Epulo chaka chino agogo ena oyandikana nawo nyumba, posamuka, anandisiyira duwa lotchedwa Ramonda myconi. Masamba ake ndi obiriwira moderako, amakwinya, ali ndi ubweya wofiirira kunsi ndi m'mphepete, ndipo amayalana mozungulira ngati mbale yafulati. Ndinalibzala chagada mumphika wapulasitiki, m'dothi logula la m'matumba lija, ndipo kumapeto kwa Meyi linatulutsa timaluwa ta mtundu wa jakaranda, ta chikasu pakati. Mu Julayi ndinapita kumudzi kumaliro kwa milungu itatu, ndipo pobwera ndinapeza masamba onse atafota n'kupindika ngati fodya wouma pachigafa. Ndinatsala pang'ono kulitaya, koma ndinalithirira mongoyesa, ndipo patatha masiku awiri linali litatambasukanso lonse, lobiriwira ngati silinavutikepo.

Chodabwitsa n'chakuti duwa limene linapirira ludzu loterolo likugonja ndi mvula. Kuyambira mu Okutobala madzi akumadikha pakati pa masamba, ndipo lero m'mawa nditakhudza timasamba ta pamtima ndapeza tina tada n'kufewa, tikumatirira kuchala. Kodi ndilizule tsopano mu Novembala ndi kulibzala pena, kapena kulisuntha nyengo ino n'kulimaliziratu? Nanga ndingalilowetse m'nyumba? Pomaliza, ndamva kuti limamera pa miyala ya laimu, pamene khoma langa ndi la miyala yamchenga ya kuno. Kodi zimenezi zili ndi vuto?

Woyankha woyamba:
Mayi, pepani ndi maliro aja. Cholakwika si dothi lokha, koma kakhalidwe ka duwalo mumphikamo. Kwawo ku mapiri a Pyrenees, m'malire a France ndi Spain, limamera m'ming'alu ya matanthwe oyang'ana kumpoto, litakhala cham'mbali ngati chithunzi chopachikidwa pakhoma, kotero kuti mizu imalowa mkati monyowa koma madzi a mvula amatsetsereka osakhalitsa pamasamba. Kuzizira sikulipha ayi. Chimene chimalipha ndi madzi ogona pamtima pake m'nyengo imene silikukula. Ine sindingalizule pakali pano, chifukwa mizu yosokonezedwa mu Novembala siigwiranso msanga. Chotsani masamba onse owola mpaka patsinde, thirani timiyala tating'ono kuzungulira khosi lake, kenako pendeketsani mphikawo pa njerwa pansi pa denga pamene mvula siigwa mwachindunji koma mphepo ikudutsa. Mu Malichi kapena Epulo mudzalilowetse mumng'alu wa khoma, m'dothi losakaniza manyowa a masamba owolerana, dothi wamba ndi timiyala, muyezo wofanana. Za laimu musade nazo nkhawa, chifukwa langa lakhala zaka zambiri pakhoma la miyala yamchenga ndipo limachita maluwa chaka chilichonse. M'nyumba musalilowetse n'komwe. N'zoona kuti ndi la banja limodzi ndi African violet wa ku mapiri a Usambara ku Tanzania, komanso Streptocarpus amene amamera pamiyala yonyowa ku Mulanje ndi ku Zomba, koma ili linazolowera chisanu, ndipo mpweya wouma wa hita ungalifooketse.

Woyankha wachiwiri:
Ndikugwirizana ndi bambo ayankhawa pa zopendeketsa mphika, koma pa zodikira ndikusiyana nawo pang'ono. Achemwali, musanatsimikize kuti vuto ndi mvula yokha, kokani duwalo pang'onopang'ono. Likagwedezeka ngati dzino lofuna kuchoka, ndiye kuti mizu yadyedwa ndi mphutsi za kachilombo kotchedwa vine weevil, zoyera, za mutu wofiirira, zopindika ngati chilembo C, zimene zimakonda zomera za m'miphika kuyambira nyengo ino mpaka chisanu chitatha. Zikapezeka, kudikira Epulo n'kupereka duwa lonse kwa izo. Khuthulani dothi lonselo lero lomwe, tsukani mizu, ndi kulibzala m'dothi latsopano la timiyala tambiri, makamaka mumphika wadothi umene umauma msanga. Ine ndinataya awiri m'njira imeneyi ndikuganiza kuti akungopumula. Ndiwonjezere kuti likapulumuka, mu Juni mudzathothole tsamba limodzi lathanzi pamodzi ndi kaphesi kake konse, mudzalizike m'mchenga wonyowa pamthunzi ndi kuvindikira ndi pulasitiki yowonekera. Pamapita miyezi kamwana kasanatuluke, komabe njirayi ndi yachangu kuposa njere, zimene ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zimatenga zaka zingapo kuti zifike pochita maluwa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo ndi amayi. Ndalikoka monga mwanenera ndipo lagwira zolimba, komanso nditafukula m'mbali mwa mphika ndi supuni sindinaone mphutsi iliyonse, kupatula nkhono ziwiri zopanda chigoba zimene zinabisala kunsi kwa masamba. Ndachotsa masamba anayi owola, ndipo pansi pake pakuoneka kansonga kobiriwira kolimba, kotero ndatsata uphungu woyamba: mphika uli chopendekera pa njerwa ziwiri pafupi ndi khomo la kukhitchini. Pakhoma ndapezapo mng'alu wolowa zala zitatu, wakuya ngati chikhatho, pamtunda wofika m'bondo. Funso limene latsala ndi ili: podzalibzala m'menemo, kodi mumalitsekera ndi chiyani kuti dothi lisakokoloke mizu isanagwire, ndipo m'chilimwe mumathirira bwanji chomera chokhala cham'mbali popanda madzi kungoyenderera pakhoma?