Galimoto ya gulu: Land Cruiser kapena Hilux ya tebo?

Wapampando: Abale ndi alongo, ndalama za galimoto zatsala pang'ono kukwana. Tisanatume munthu kukagula, timvane kaye. Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, kapena Hilux 2.4 GD-6? Ntchito yake mukuidziwa: kututa simenti ya midadada ya sukulu, komanso kuthamangira ndi amayi oyembekezera ku chipatala cha boma ku Dedza.

Wa ku Joni: Hilux basi, amalume. Kukula kwa injini kusatinyenge. Cruiser ndi malita 4.2, masilinda 6, koma mphamvu yake ndi 96 kW yokha. Hilux ndi malita 2.4 koma imafika 110 kW. Pokoka katundu ili ndi 400 Nm, inzakeyo 285. Komanso kwathu n'kumtunda, pa boma ndi mamita pafupifupi 1,600. Kumeneko mpweya ndi wopepuka, injini yopanda tebo ngati ya Cruiser imabanika, pamene tebo ya Hilux imaukankhira mu injini mokakamiza. Mukadzakwera Khwekhwelere ndi matumba a simenti mudzaona nokha.

Makaniko wa ku Lilongwe: Achimwene, manambalawo ndi oona, sindikutsutsa. Koma Hilux ikafa usiku kumudzi, adzaigwira ndani? 1HZ inayamba kupangidwa mu 1990, pampu yake ya dizilo siidalira kompyuta, makaniko aliyense wa dizilo ali ndi masipanala amaidzutsa. GD-6 ikayatsa nyali pa dashibodi, mpaka kuikokera kutauni akaiike pa makina. Chachikulu ndi dizilo. Mafuta akasowa timagula a m'zigubu, ena amadzi, ena afumbi. Mainjekita a GD-6, amene amapopera dizilo mu injini, timabowo take n'tating'onoting'ono, madzi pang'ono okha awononga onse anayi. Ndamasulapo fyuluta yotuluka matope enieni, mwini wake atagwira kumutu pomva mtengo. Tebo nayonso imafuna oilo wabwino pa nthawi yake, ndipo dalaivala asamazimitse msangamsanga akangokwera chitunda, aziidikira izizire.

Msungichuma: Zonsezo ndamva bambo, koma thumba ndimasunga ndine. Cruiser imamwa kwambiri, ndipo ngakhale yakale mtengo wake sutsika. Zopereka za pamwezi ena mumachedwa nazo. Galimoto yoima pabwalo chifukwa chosowa dizilo singathandize mayi amene matenda amuyamba.

Mphunzitsi wa kumudzi: Ine ndili konkuno. Januwale akafika, kuchokera pa tala kufika kusukulu ndi chithaphwi chokhachokha, liwiro silithandiza. Maambulansi ambiri amene timawaona m'midzi muno ndi ma Cruiser, ndipo amadutsa.

Wa ku Joni: Hilux ya 4x4 imadutsanso, aphunzitsi. Tingoiikira fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, n'kuletsa za zigubu.

Makaniko wa ku Lilongwe: Fyulutayo ndavomera. Koma kuletsa zigubu wodwala ali kumbuyo, pa filing'i palibe kanthu, dalaivala adzamvera?

Wapampando: Funso limenelo tisalithawe. Amakaniko, tipezereni mtengo wa mainjekita anayi ndi tebo, komanso wokonzetsa pampu ya 1HZ. Mayi msungichuma, werengani dizilo wa mwezi umodzi pa galimoto iliyonse. Tivota Loweruka madzulo, a kunja mulowe pa foni.